MABWINJA A M'NJIRA YA SHIRE

Mudzi ukasamuka, pamalo pamene udali pamatchedwa pabwinja. Munthu wodziwa kuyang'ana amapazindikira msanga: pamakhala timilu ta dothi la nyumba zakugwa, mapale a miphika, mitengo ya mango yopanda mwini, ndipo chapatali pang'ono pamakhala msitu wa manda. Makolo athu ankalemekeza mabwinja podziwa kuti pamenepo padagona mbiri ya anthu. Koma m'dziko muno muli mabwinja a mtundu wina amene ambiri a ife sitiwadziwa. Awa ndi mabwinja a matauni amene adamera m'nthawi ya Atsamunda m'mbali mwa mtsinje wa Shire, nakula mofulumira, kenaka nkufota ngati bowa wa padzuwa.

Pa mapu osonyeza njira yolowera m'dziko lino cha m'ma 1900, maina a Chinde, Chiromo, Katunga ndi Matope adali odziwika kwa wamalonda aliyense. Pafupifupi mlendo aliyense, kalata iliyonse ndi mtolo uliwonse wa nsalu wochokera kutsidya kwa nyanja zinkadzera m'malo amenewa. Lero ulemerero wa malowa udatha. Tsono tiyenera kufunsa: chidawadzutsa nchiyani, ndipo chidawapha nchiyani? Yankho lake likutiphunzitsa kusiyana kwa tauni yobadwa ndi njira ya alendo ndi mudzi wobadwa ndi nthaka ya eni ake.

Azungu asanafike, chigwa cha Shire chidali ndi midzi yambiri ya Amang'anja. Anthuwa ankalima mapira, chimanga ndi thonje, ankaomba nsalu, kusula makasu ndi kutcheza mchere. Adali ndi mafumu awo pansi pa Lundu, ndiponso kachisi wa Mbona ku Khulubvi kumene ankapempherako mvula. M'chaka cha 1859 David Livingstone adakwera mtsinjewu pa sitima yotchedwa Ma Robert. Iye adali ndi chikhulupiriro chakuti Zambezi ndi Shire ndi msewu wamadzi umene udzabweretsa malonda abwino ndi kuthetsa malonda a akapolo. Komabe atafika kumtunda kwa Chikwawa adapeza mathithi a Kapichira, ndipo kumtunda kwake kudali mathithi ena monga Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula. Sitima siikadatha kupyola pamenepo. Motero msewu wake wamadzi udali woduka pakati kuyambira pachiyambi pomwe.

Zaka zotsatira zidali zowawa m'chigwamo. Nkhondo za ogwira akapolo pamodzi ndi chilala cha 1862 ndi 1863 zidapululutsa midzi yambirimbiri. Bishopu Charles Mackenzie, amene adatsegula mishoni ku Magomero mu 1861, adamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo posakhalitsa anzake otsala adachoka m'dziko muno. Amene adatsalira ndi Amakololo, kagulu ka amuna amene Livingstone adabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi. Iwowa adali ndi mfuti, choncho adasonkhanitsa anthu othawa nkhondo ndi njala, nasanduka mafumu. Ena mwa iwo adali Kasisi, Katunga, Maseya ndi Chipatula. Chipatulayu adakhazikika ku Chiromo kufikira pamene adaphedwa ndi Mzungu wina wamalonda, George Fenwick, mu 1884.

Njira ya Shire idatseguka kwenikweni mu 1875, pamene amishoni a ku Scotland adabwera ndi sitima ya Ilala. Atafika pa mathithi adaiphwasula, ndipo anthu pafupifupi 800 adasenza zidutswa zake pamutu mtunda wa mamailosi pafupifupi 60. Kumtunda kwa mathithi adailumikizanso, ndipo pa 12 Okutobala chaka chomwecho idalowa m'nyanja ya Malawi. Mu 1876 mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa, ndipo mu 1878 kudabwera kampani yamalonda imene idadzatchedwa African Lakes, yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Anthu adaitcha kampaniyi Mandala. Kuyambira pamenepo katundu adayamba kuyenda m'njirayi chaka ndi chaka.

Tikaona bwino, tipeza kuti tauni iliyonse ya m'njirayi idamera pamalo pamene katundu ankatsitsidwa kuti akwezedwe pa chinthu china. Pamene sitima yaikulu ya m'nyanja yamchere inkalephera kupitirira, padamera Chinde. Pamene padali malire a maboma awiri, padamera Chiromo. Pamene sitima ya mumtsinje inkalekezera chifukwa cha mathithi, padamera Katunga. Pamene madzi ankayambiranso kuyenda mwabata, padamera Matope. Sikuti malowa adasankhidwa chifukwa cha chonde, mphepo yabwino kapena kuchuluka kwa anthu. Ambiri adali malo otentha, audzudzu ndi amalungo. Chidawadzutsa ndi katundu wodikira ulendo.

Tiyambe ndi Chinde. Poyamba apaulendo ankatsikira ku Quelimane, kumene ankalipira msonkho kwa Apwitikizi, kenaka nkuyenda pa mabwato mumtsinje wa Kwakwa ndi kudutsa pamtunda kuti akapeze Zambezi. Mu 1889 Daniel Rankin adalengeza kuti mwa mathiriro a Zambezi, a ku Chinde adali akuya mokwanira kulowamo sitima. Chaka chomwecho Harry Johnston adalowera pomwepo pa ulendo wake wodzapangana ndi mafumu. Pa pangano la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal, Angerezi adabwerekedwa kachigawo ka malo ku Chinde kwa zaka 99, kuti katundu wopita kuno azitsitsidwa ndi kukwezedwa popanda msonkho wa Apwitikizi. Pa kamchenga kameneko padamangidwa maofesi a makampani, nyumba zosungiramo katundu, malo okonzera sitima ndi positi ofesi. Chidali chinthu chodabwitsa ndithu kuti khomo la dziko lino lidali m'dziko la eni, pa mchenga umene madzi ankaukokolola chaka ndi chaka.

Kuchokera ku Chinde, sitima zokhala ndi gudumu lopalasira kumbuyo zinkakwera Zambezi, nkukhotera mu Shire, zitakoka mabwato akuluakulu a katundu m'mbali mwake. Patapita masiku angapo zinkafika ku Chiromo, pamathiriro a Ruo. Malowa adawakanganirapo Angerezi ndi Apwitikizi. Mu Novembala 1889 asilikali otsogozedwa ndi Serpa Pinto adamenyana ndi Amakololo, ndipo pambuyo pake Apwitikizi adalanda Chiromo. Mu Januwale 1890 boma la Britain lidawaopseza kuti achoke, ndipo pangano la 1891 lidaika mtsinje wa Ruo kukhala malire. Motero Chiromo idasanduka chipata cha dziko. Padali boma, nyumba ya msonkho wa katundu, positi ofesi yosankhiramo makalata, masitolo a makampani ndi a Amwenye. Sitima ziwiri zankhondo, Herald ndi Mosquito, zinkalondera mtsinjewo, ndipo doko la kumunsi, limene lero ndi Nsanje, lidatchedwa Port Herald potengera dzina la imodzi mwa sitimazi. M'zaka za m'ma 1890 Chiromo idali m'gulu la malo ofunika kwambiri m'dziko muno, pamodzi ndi Blantyre ndi Zomba.

Madzi akakhala ambiri, sitima zinkapitirira mpaka kwa Katunga, pafupi ndi Chikwawa. Apa ndi pamene ulendo wa pamadzi unkathera ndipo ulendo wa pamutu unkayambira. Amtengatenga ankasenza mitolo yolemera mapaundi 50 kapena 60, nakwera nayo mapiri mtunda wa mamailosi pafupifupi 30 kukafika ku Mandala. Azungu ankanyamulidwa pa machila. Katundu wopita kunyanja ankasenzedwanso kuchokera ku Blantyre kutsikira ku Matope, kumene sitima ina inkamutenga kudzera ku Liwonde ndi nyanja ya Malombe mpaka ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi. Ngakhale sitima za panyanja zidadzera pamitu ya anthu. Sitima ya amishoni ya Chauncy Maples, imene idayamba kuyenda mu 1901, idabwera m'zidutswa zoposa 3,000, ndipo chimphika chake chowiritsira madzi chidakokedwa pamtunda ndi Angoni 450.

Apa mpofunika kukumbukira amene adasenza matauni amenewa. Mabuku a Atsamunda adasunga maina a oyendetsa sitima, a mabwana a makampani ndi a akuluakulu a boma. Koma sitima sizikadayenda popanda nkhuni, ndipo nkhunizo zinkadulidwa ndi anthu a m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje, naziunjika pa madooko aang'ono kuti sitima zizitenga podutsa. Sitima ikatitimira mumchenga, amuna ankalowa m'madzi a ng'ona kuti aikankhe. Amayi ankasinja ufa wodyetsa apaulendo ndi antchito. Asena ambiri othawa ntchito yokakamiza ya kwa Apwitikizi adadzakhala m'chigwamo, nagwira ntchito yopalasa ndi yonyamula katundu. Ambiri sankasenza mitolo mwa kufuna kwawo. Boma lidakhazikitsa msonkho wa nyumba, umene pakati pa zaka za m'ma 1890 udali masheleni atatu pachaka, ndipo munthu wopanda ndalama adayenera kukaipeza kwa Mzungu. Nthawi ya dzinja, pamene anthu ankafuna kulima minda yawo, amtengatenga ankasowa, ndipo katundu ankaunjikana pa madoko kwa miyezi.

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Mdani wa matauniwa adatulukira mumtsinje womwewo umene udawabala. Madzi a Shire amachokera m'nyanja ya Malawi, ndipo nyanjayi imakwera ndi kutsika potsata mvula ya zaka zambiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 nyanja idayamba kutsika. Shire adayamba kuchepa, mchenga ndi udzu zidatseka njira, ndipo sitima zidayamba kulephera kufika kwa Katunga. Doko la Katunga ndilo lidayamba kufa. Katundu adayamba kutsikira ku Chiromo, ndipo posakhalitsa ngakhale ku Chiromo komweko sitima zinkafikako miyezi yochepa yokha pachaka.

Eni minda ya khofi ndi amalonda adadandaula kuti pamangidwe njanji. Poyamba maganizo adali akuti njanji iyambire ku Chiromo, koma chifukwa cha kuchepa kwa madzi adaiyambira kumunsi, ku Port Herald. Njanjiyo idawoloka Shire pa mlatho wa ku Chiromo, nikwera chigwa cha Ruo kudzera ku Luchenza ndi Limbe, ndipo idafika ku Blantyre mu 1908. Kwa anthu a ku Chiromo ichi chidaoneka ngati chitukuko, koma chidali chiyambi cha kutha kwa tauni yawo. Katundu amene kale ankagona masabata m'nyumba zosungiramo tsopano ankangodutsa m'ngolo za sitima. Ntchito za msonkho ndi za makalata zidatsata njanji, amalonda nawonso adasamukira ku Port Herald ndi ku Limbe. Tauni ya Limbe, imene kale kudalibe, idakula ndi chakudya chimene chidachotsedwa pakamwa pa Chiromo.

Mtsinje udapitirirabe kuphwa. Kuyambira 1915 kufikira cha m'ma 1935 madzi adaleka kutuluka m'nyanja, kotero kuti Shire ankangodalira timitsinje tothiramo. Nyanja ya Malombe idauma mpaka anthu adalima minda pamene kale pankayenda sitima. Matope idaleka kukhala doko, ngakhale mishoni ya Anglican idatsala pamalopo. Kumwera nako, Port Herald idayamba kusowa madzi, ndipo mu 1915 njanji idatalikitsidwa kukafika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Mu 1922 njanji ina yochokera ku Beira idafika ku Murraça, kutsidya kwa Chindio, ndipo katundu ankangowolotsedwa pa sitima. Chaka chomwecho namondwe woopsa adawononga nyumba ndi sitima zambiri ku Chinde. Popeza malowo adali atatha ntchito, Angerezi adawasiya mu 1923, zaka 99 za pangano zisanakwane nkomwe theka. Chindio nayo siidakhalitse. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita pafupifupi 3.7, udatsegulidwa pakati pa Sena ndi Mutarara, ndipo ntchito yowolotsa katundu idatha. M'chaka chomwecho njanji ya kumpoto idafika ku Salima kudzera ku Chipoka, motero katundu wa panyanja adaleka kudalira Fort Johnston.

Tikaika zaka zimenezi pamzere, tiona kuti doko lililonse lidadyedwa ndi linzake, kenaka onse adadyedwa ndi njanji. Katunga idagonja kwa Chiromo, Chiromo kwa Port Herald, Port Herald kwa Chindio, ndipo Chinde ndi Chindio zidagonja kwa Beira ndi mlatho. Zonsezi zidachitika m'zaka zosapitirira 45. Munthu amene adasenza mitolo kwa Katunga ali mnyamata adaona kutha kwa njira yonse asanakalambe.

Nanga midzi ya m'chigwa idatani? Pamene mtsinje udaphwa, madambo aakulu a Dabanyi ndi Ndindi adasiya nthaka yachonde, ndipo anthu adatsikirako, namanga midzi ndi kulima madimba. M'zaka za m'ma 1920 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1930 chigwa cha Shire chidatchuka ndi ulimi wa thonje, ndipo mabanja ambiri ankapeza msonkho ndi zovala osachoka pakhomo. Koma madzi saiwala khwawa. Nyanja itadzadzanso, madzi adaboola mchenga umene udatseka mtsinje, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madambo aja adamizidwanso. Madimba adatha, midzi idasamukira kumtunda kumene mvula ndi yosadalirika, ulimi wa thonje udalowa pansi, ndipo amuna ambiri adapita kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia ndi kwina. Madzi amene amalonda adawalira kwa zaka makumi awiri adabwera sitima zitapita kale, nadzasautsa alimi.

Choncho midzi nayo idasiya mabwinja, ndipo mavuto ake adaposa a matauni. Komabe pali kusiyana kwakukulu. Mudzi ukasamuka umanyamula dzina lake, mfumu yake, miyambo yake ndi mbiri ya makolo ake, nukazikhazika pamalo atsopano. Doko la Katunga lidatha, koma ufumu wa Katunga ulipo m'boma la Chikwawa, chimodzimodzinso wa Kasisi ndi wa Maseya. Kachisi wa ku Khulubvi, amene adalipo sitima yoyamba isanabwere, adaona kubadwa ndi kufa kwa madoko onse. Chitsanzo china chili kunyanja. Amishoni a Ilala aja adamanga Livingstonia yoyamba ku Cape Maclear mu 1875, koma malungo atapha anzawo angapo adasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka ku Khondowe mu 1894. Pamalo pawo padatsala manda, pamene mudzi wa asodzi wa Chembe ulipobe. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Matauni a m'njira ya Shire adali a alendo, omangidwira katundu wa alendo, ndipo eni ake atapeza njira yachidule adachoka osacheuka.

Chiromo idapitirira kukhala siteshoni ya njanji, koma madzi sadaileke. Mu 1948 chigumula chidakokolola mlatho wake, ndipo padatenga nthawi kuti amange wina. Mu 1970 padatsegulidwa njanji yatsopano yodzera ku Liwonde ndi Nayuchi kupita ku doko la Nacala. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira, ndipo mlatho wa Dona Ana udawonongedwa. Potsiriza, mu 1997, madzi osefukira adadula mtumbira wa njanji ndi msewu pafupi ndi mlatho wa Chiromo. Anthu oyenda pakati pa Bangula ndi Makhanga adayamba kuwoloka pa mabwato, ndipo malo odukawo adadziwika ndi dzina lakuti Mtayamoyo. Malo amene adali chipata cha dziko lonse adasanduka malo ovuta kufikako ngakhale kwa anthu a m'boma lomwelo.

Mbiri imeneyi ili ndi phunziro kwa ife. Loyamba ndi lakuti malo odalira njira imodzi moyo wake uli m'manja mwa ena. Malawi ndi dziko lopanda gombe la nyanja yamchere, ndipo funso la njira yotulutsira katundu, limene lidavutitsa a Moir ndi Johnston, silidathe. Mu Okutobala 2010 boma lidatsegula doko latsopano ku Nsanje ndi cholinga choukitsa njira ya Shire ndi Zambezi, koma m'zaka zotsatira sitima za katundu sizidabwere, popeza boma la Mozambique lidafuna kuti payambe pachitika kafukufuku wa mitsinjeyo. Zovuta zake zidali zomwe zija zakale: kuya kwa madzi, mchenga, ndi chilolezo cha mwini wa kumathiriro. Amene akonza chitukuko cha mawa ayenera kudziwa zimene zidaonekera Chinde ndi Chiromo.

Phunziro lachiwiri ndi lakuti mtsinje uli ndi nyengo zake zotalika kuposa moyo wa munthu. Mathithi amene adatsekereza Livingstone ndiwo adadzapatsa dziko lino magetsi, kuyambira pa Nkula mu 1966. Chipata cha madzi cha ku Liwonde chidamangidwa mu 1965 kuti chizisunga ndi kugawa madziwo. Koma mtsinje umene udaleka kutuluka m'nyanja kwa zaka pafupifupi 20 ungathe kuteronso, ndipo madambo amene adameza midzi m'zaka za m'ma 1930 adamezanso ina pa zigumula za 2015 ndi 2023. Womanga nyumba, mlatho kapena tauni m'chigwa ayenera kufunsa kumene madzi adafikapo m'masiku a agogo ake.

Phunziro lachitatu likukhudza ophunzira. Njerwa za m'mabwinjawa zikutha, zina zidamizidwa, zina zidatengedwa kukamangira nyumba zina. Za Azungu amene adakhalamo zidalembedwa, koma za odula nkhuni, opalasa, amtengatenga ndi amayi osinja ufa zidatsala m'kamwa mwa zidzukulu zawo. Pafupi ndi sukulu iliyonse pali bwinja lina: siteshoni yakale ya njanji, msika wa thonje umene udatsekedwa, sitolo ya Mmwenye yopanda denga, kapena mudzi umene udasamutsidwa. Wophunzira wofuna kudziwa mbiri apite kwa akuluakulu a m'deralo, awafunse amene adamanga, amene adagwirapo ntchito, chaka chimene anthu adachokapo ndi chifukwa chake, ndipo alembe zimene wamva. Nkhalamba imodzi ikamwalira isanafunsidwe, bwinja limene inkalidziwa limasanduka thengo wamba, ndipo odutsapo sadziwanso kuti padali anthu.